Mawu a Ba Hilda mu Foni

Ba Hilda a ku Chaisa, komboni ya mu Lusaka, anali ndi chizolowezi chimene msewu wawo wonse unkachidziwa. Mayi akalowa m'nyumba mwawo nkhope ili yolemera, iwo sankayamba ndi moni. Ankatambasula dzanja n'kukweza wailesi mpaka galasi la pawindo kunjenjemera, kenako n'kukokera mpando pafupi, khutu n'kulisendeza pakamwa pa mlendoyo. Nyumba za ku Chaisa n'zogundana, ukatsokomola kuchipinda woyandikana naye amakupepesa. Choncho anthu akamva kwaya kapena mpira ukusokosera kwa Ba Hilda masanasana, ankadziwa kuti banja la munthu wina lili m'madzi. Koma la ndani, pa chifukwa chanji, palibe amene ankatolako ngakhale liwu limodzi.

Anali mlangizi wa mumpingo, wophunzitsa atsikana okalowa m'banja ndi kumva madandaulo a amene analowamo kale. Bambo awo anachokera ku Ntcheu kudzaphikira azungu, iwo n'kubadwira mu Lusaka momwemo, n'kukalambira pamsika akugulitsa salaula, zovala za kaunjika. Pakamwa pawo panali pakuthwa. Mkwatibwi wina anamuuza pamaso pa azakhali ake kuti kulira sikuphika ndiwo.

Mkwatibwi ameneyo anali Gloria. Tsopano anali mayi wa mwana mmodzi, Tiwo, ndipo ankaphunzitsa tiana tating'ono pa sukulu ina ya mu Mtendere. Amayi a chigwirizano atayamba kufunsana kuti adzalowa m'malo mwa Ba Hilda ndani, Ba Hilda eni ake analoza iye. Anati Gloria sachedwa kuiwala, koma sayenda ndi nkhani za anthu, ndipo pa ziwirizo chachiwiricho ndiye chosowa.

Akanaphunzira pang'onopang'ono, monga anaphunzirira onse akale, kukhala pambali n'kumamvetsera chaka ndi chaka. Koma m'nyengo yozizira sitiroko inawagwira Ba Hilda akuchapa. Anatuluka m'chipatala mkono wamanja uli lende, mlomo utapendekera mbali imodzi. Choopsa kwambiri chinali mawu. Ankayang'ana sopo, akumudziwa bwinobwino, koma dzina lake osabwera. Adokotala anauza achibale mosabisa kuti matendawa amatha kubwereranso.

"Iwe Gloria," anatero Ba Hilda Loweruka loyamba atabwerera kunyumba, "mutu wanga wayamba kudontha monga ndowa yakale. Bwera na foni yako ija. Ujambule vonse nikalibe kuuma."

Gloria anali nako kale koika. Kumayambiriro kwa temu ahedi a pasukulu pawo, Ba Kabwe, anabweretsa apu yatsopano yolembera mapulani a maphunziro. Unkalemba mutu waukulu, pansi pake timitu ting'onoting'ono, ukafuna n'kukoka kamutu ndi chala kukaika pena. Pansi pa kamutu kalikonse unkatha kumatapo mawu ojambula. Zonse zinkasungidwa pa intaneti, moti ngakhale foni itabedwa, monga inabedwera yake yoyamba pokwera basi m'tauni, zinthu zako unkazipezanso. Gloria anaikonda apuyo kuposa aphunzitsi onse. Kwa munthu woiwala ngati iye, inali ngati kabati ya madilowa ambiri.

Ndiye Loweruka lililonse ankakwera minibasi ya ku tauni, n'kusintha ina ya ku Chaisa, n'kukaika foni pa mpando pakati pa awiriwo. Tsiku loyamba anajambula wailesi ili pamwamba, pomvetsera anangomva kwaya yokhayokha. Anadzuka yekha n'kukaizimitsa. Ba Hilda anayang'ana wailesiyo, anayang'ana khoma, n'kungotsitsa mawu.

Ba Hilda sankaphunzitsa ndi malamulo. Ankaphunzitsa ndi anthu. Ukawafunsa za apongozi okhalitsa pakhomo, ankati, "Uyo ni Elesi wa ku Matero," nkhani n'kuyamba kutuluka yokha, zimene Elesi analakwitsa, zimene anakonza, mawu enieni amene anakawauza apongoziwo. Gloria ankalemba momwemo. Apongozi akakhalitsa: Elesi wa ku Matero. Mwamuna akapeza mwana kunja: Chiku wa ku George. Mwamuna akafooka kuchipinda: Felistus wa ku Marapodi. Pansi pa mutu uliwonse ankamatapo mawu a Ba Hilda, ndipo pobwerera ankasanja timituto m'basi, mtima uli mbee.

Lolemba lina, ana atatuluka kukadya, Ba Kabwe anamuitanira mu ofesi. Anali bambo waulemu, wopukuta magalasi akasowa chonena. Tsiku limenelo anawapukuta mpaka Gloria anaopa kuti aswa.

"Ba Gloria, pali ka nkhani. Ninali kuona mapulani a aticha onse, napeza yanu ina. Iyi sioneka monga ni ya ana a sukulu."

Anatembenuza laputopu. Mitu yake yonse inali pamenepo, yosanjidwa bwino monga anaisanjira m'basi, m'zilembo zazikulu kuposa za pa foni. Felistus wa ku Marapodi anali pakati penipeni.

"Vafika bwanji kuli imwe?" anafunsa Gloria.

"Apu iyi ni ya sukulu, mayi. Vonse vamene mulemba vimaoneka kuli tonse. Ninakamba pa miting'i paja."

Anakambadi. Gloria anakumbukira kuti anamva, koma anazitenga ngati za meseji, kuti chimene sunatumize chimakhala chako. Iye sanatumizepo kanthu kwa munthu.

"Ninawerenga mitu chabe, n'kutseka," anatero Ba Kabwe, maso ali pa tebulo. "Mawu sininamvere. Mulungu ni mboni."

Gloria anawakhulupirira, kapena tinene kuti anafuna kuwakhulupirira. Koma pakona pa tsambalo panali timawilo tiwiri tosonyeza amene anatsegulapo, kena kali ndi K, kena N.

N anali Nchimunya, mphunzitsi wachitsikana wosakwatiwa, wa zikhadabo zopaka utoto, amene aliyense ankathamangira kwa iye foni ikavuta. Gloria anamupeza kumpopi akutsuka kapu.

"Ninamvera kamodzi chabe, ba Gloria. Ninaganiza ni nyimbo za ana."

"Nyimbo za ana za mutu wakuti mwamuna akafooka?"

Nchimunya anaphimba kumaso ndi kapu. "Awe, pepani. Koma ba gogo baja bamakamba bwino, mwe. Na ine naphunzirako."

"Wauza ndani?"

"Kulibe. Nizauza ndani? Felistus wamene uyo simudziwa na nkhope."

Sanali mtsikana woipa. Madzulo omwewo ana ataweruka anakhala naye pansi, anachotsa zonse ku sukulu, anamutsegulira akaunti yakeyake, yokhala ndi pasiwedi ndiponso chidindo cha chala. Zala zake zinkathamanga pa foni moti Gloria sankazitsatira.

"Manje ni vanu mweka. Na ba hedi sangaone."

"Vili kuti?"

"Mu akaunti yanu."

"Akaunti ili kuti?"

Nchimunya anakweza dzanja kuloza kudenga, kumene kunali malata ndi kangaude. "Kuja. Ku makompyuta a kampani. Kunja kwa dziko."

"Kuli anthu?"

"Nanga makompyuta amadzipukuta okha fumbi?"

Gloria anamuuza kuti atsegule mawu aja amene munthu amangovomera osawerenga. Anali aatali, a Chingerezi cha maloya, m'tizilembo tofuna kutsinzinira. Anawerenga mothandizana mpaka mlonda anabwera kudzagwedeza makiyi. Zimene anatolapo zinali izi. Kampaniyo inkalonjeza kusamala zinthu za anthu ndi kusazigulitsa. Inkatinso antchito ake angathe kutsegula pakakhala vuto lofuna kukonza kapena lamulo likalamula, kuti ingagwiritse ntchito zolembedwazo pophunzitsa makina ake, ndiponso kuti mawu onsewa ingawasinthe ikafuna.

"Koma ba Gloria, tikambe zoona," anatero Nchimunya akutola chikwama. "Munthu wa kutali uko ali na nthawi ya Felistus wa ku Marapodi? Na Chinyanja sakumva."

Zinali zoona, ndipo Gloria anayenda nazo sabata yonse. Kunyumba ankasita zovala atavala tomvera m'makutu, Ba Hilda akumulankhula. Ankamva kusiyana kwa mawu a Loweruka loyamba ndi a posachedwa, mmene mipata yofunafuna liwu inkatalikira. Sitiroko ikanabweranso mawa, izi zokha n'zimene zikanatsala. Zikanatsala nyimbo zimene iye sanazigwire, ndi kuseka kuja kwa mbali imodzi ya pakamwa. Munthu wanzeru angafufute zoterezi chifukwa choopa mlendo amene mwina sadzatsegula n'komwe?

Mwamuna wake, Moven, anali wowotcherera mageti ku Kalingalinga. Anamuona akutembenuza foni m'manja chakudya chikuzizira.

"Amake Tiwo, foni iyo yakulakwirani chani?"

Sanamuuze za mkatimo. Anangofunsa ngati chinthu chokhomedwa ndi pasiwedi chingatsegulidwe ndi eni ake a apu.

"Ine va mafoni sinidziwa," anatero Moven akunyambita chala. "Koma geti iliyonse yamene napanga, ningaitsegule kopanda kiyi. Sinitsegula chabe chifukwa sindine kawalala."

"Nanga amene sakudziwani angadziwe bwanji kuti sindinu kawalala?"

"Amaona nkhope yanga yabwino iyi."

Tiwo anaseka mpaka kutsamwa. Gloria anangomwetulira. Nkhope ya kampaniyo anali asanaione.

Loweruka atafika ku Chaisa anapeza pakhomo pali anthu. Mayi wamfupi, wa mpata pakati pa mano, ankafinya bulangeti la Ba Hilda m'bafa, thovu lili m'zigongono. Padenga panali bambo akukhomerera lata limene mphepo ya Ogasiti inatukula.

"Ndimwe ba ticha ba ku Mtendere!" anafuula mayiyo. "Amayi amakukambani maningi. Ine ndine Felistus. Awo pamwamba ni atate Kumbu, ba Edwell. Moni sangakupatseni bwino, ali na misomali pakamwa."

Bamboyo analavulira misomali m'dzanja, anavula kapusi, n'kuwerama ali padenga pomwepo. "Muli bwanji, mayi? Zikomo potisamalira amayi athu."

Gloria anayankha moniyo akuyang'ana pansi. Ankadziwa za bambo ameneyu zimene abale ake enieni sankadziwa. Ankadziwa mmene analirira atakhala pa bedi, mmene mkazi wake anamugwirira mutu, miyezi imene inadutsa asanavomere kupita kuchipatala kukapezeka ndi shuga. Ankazidziwa iye, ndipo pang'ono ankazidziwanso Nchimunya, ndi Ba Kabwe, ndi makompyuta a kudziko limene sankalidziwa dzina. Felistus anamupatsa nsonga ya bulangeti kuti afinyire limodzi, akumusimbira za mtengo wa tomato. Chikwama chokhala ndi foni chinali paphewa, ndipo Gloria anachisuntha kuchiika kumsana.

Awiriwo atatsanzika, Edwell atanyamula hamala ndi bafa la mkazi wake, Gloria analowa n'kukhala pa mpando wake wa masiku onse. Foni sanaitulutse. Anafotokoza zonse kuyambira mu ofesi ya Ba Kabwe, osachotsapo kanthu.

Ba Hilda anasisita dzanja lamanja ndi lamanzere.

"Ba hedi abo, mwamuna, anaona?"

"Mitu chabe."

"Mutu ndiye nkhani yonse, chitsiru iwe." Analankhula mosakweza mawu. "Manje wakhoma?"

"Nakhoma. Koma eni ake a apu ali na njira yawo yolowera. Akuti salowa chabechabe. Kapena ni zoona. Ine siniwadziwa."

"Ndiye tichite bwanji?"

"Tijambule popanda maina. Muzinena chabe kuti mayi wina."

Anayesa. Gloria anatulutsa foni n'kufunsa za mwamuna amene ntchito yamuthera, akungokhala pakhomo. Ba Hilda anayamba bwino. "Kunali mayi wina..." Anaima. Mlomo unagwedezeka. "Mayi wina, mwamuna wake... anali ku... ku chakuti..." Maso awo anayendayenda m'chipindamo, pa kabati, pa kalendala, ngati liwulo labisala kumeneko. Kenako anamenya ntchafu ndi dzanja labwinolo.

"Sivibwera! Nikachotsa dzina, nkhani ibwerera mkati. Nifunika nimuone munthu, na chitenje chamene anavala, ndiye vituluka." Anapuma mwamphamvu. "Siya vikhale mwamene vilili. Wakhoma, basi. Nikagwa mailo kapena mkuja, uzaphunzitsa chani ana a anthu? Kuphika kapenta?"

Gloria anali asanawaonepo akuchita mantha. Ngakhale m'chipatala ankakalipira manesi. Tsopano anakhala pamenepo, phewa limodzi litagwa, akumuyang'ana ngati mwana amene amayi ake akumusiya pa geti ya sukulu tsiku loyamba.

Anasendeza mpando mpaka mawondo awo anagundana.

"Amayi, va ine munauzako ndani?"

Panali zaka zimene Gloria ankabwera m'nyumba imeneyi mwezi ndi mwezi, Tiwo asanabadwe, azilamu ake akumufunira Moven mkazi wina poyera. Zimene ananena pa mpando umenewu za iye ndi mwamuna wake, ngakhale mayi ake omubala sanazimve.

"Kulibe," anatero Ba Hilda.

"Koma akanakhala wina pano na foni, nikanakhalamo. Mwana akachedwa: Gloria wa ku Mtendere."

Ba Hilda anayang'ana kumbali. Mbali yamoyo ya pakamwa pawo inayamba kukoka.

"Unali wa Loweruka la mawa," anatero.

Anaseka onse awiri, kuseka kopweteka m'nthiti, mpaka Ba Hilda anapukuta dovu ndi nsonga ya chitenje ndipo Gloria anapukuta maso.

"Ninabwera kuli imwe," anatero Gloria kuseka kutatha. "Sininabwere ku kampani. Na Felistus anabwera kuli imwe. Imwe mwanisankha ine, chabwino, nizanyamula. Koma uyu," anagogoda foni ndi chala, "kulibe anamusankha."

"Mutu wako ni wa nkhuku. Pa ulangizi wako unaiwala nyimbo yoyamba tikalibe kufika pa yachitatu."

"Sukulu titseka pa Chisanu. Nibwera kugona kuno holide yonse. Muzaniuza m'mawa, muzaniuzanso masana, nikaiwala muzanimenya na dzanja labwino ilo. Tikatsegula nizabwera pa Chisanu paliponse."

"Nanga nikagwa tikalibe kutsiriza?"

"Vina vizapita na imwe. Vamene vizatsala vizatsala."

Ba Hilda anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanali munthu wokonda kunamizidwa, ndipo Gloria sanawanamize.

"Nimachita mkonono," anatero pomaliza.

"Na atate Tiwo amachita. Nazolowera."

"Bedi ni imodzi."

"Nizagona kumiyendo."

Asanafufute, Ba Hilda anapempha kuti amveko kamodzi. Gloria anatsegula ya Elesi, motsitsa kwambiri, n'kuwaikira pakhutu. Anamvetsera atakwinya nkhope.

"Ni ndani uyu akamba monga wamwa kachasu?"

"Ndimwe, amayi."

"Chotsa. Anthu asanikumbukire na mawu aya."

Gloria anafufuta mutu umodziumodzi. Pa uliwonse apuyo inkamufunsa ngati watsimikiza, ndipo pa uliwonse chala chinkayamba chaima. Atamaliza analowa m'malo osungira zotayidwa, monga anamuonetsera Nchimunya, n'kukhuthulanso mmenemo. Munatsala mapulani a tiana ta sukulu basi, nyimbo zowerengera manambala ndi mayina a mitundu ya zipatso.

"Vapita?" anafunsa Ba Hilda.

"Muno vapita. Kuja sinidziwa."

"Na Felistus?"

"Nimuuze?"

Ba Hilda anaganiza. "Ukamuuza, sazagona, ndipo kulibe chamene angachite. Ka mtsikana kaja ka kusukulu ukagwire bwino. Ukauze kuti tsiku lake la ukwati lizafika, ndipo kazafuna munthu wotseka pakamwa."

Gloria sanadziwe ngati kumeneko kunali kuweruza kolungama. Anakusunga, kuti adzafunsenso tsiku lina ali awiri.

Lachisanu ana anabalalika ndi malipoti awo dzuwa lili pamutu. Gloria anafika kunyumba, anatsitsa chikwama chachikulu pamwamba pa wadiropu n'kuchikuntha fumbi pakhonde. Tiwo anaima pakhomo la chipinda manja ali m'chiuno, akulandira malangizo a makala, a madzi, ndi oti atate ake asamadye ndiwo za mawa lero.

"Namva, amayi. Mwakamba katatu."

"Nizakamba kanayi."

Anaikamo zitenje, yunifolomu ya chigwirizano, bulangeti lake lopepuka, ufa wa soya wa phala, ndi botolo la mafuta osisitira mkono umene unafa uja. Anaikamonso nsapato za m'nyumba zimene anawagulira Ba Hilda pamsika wa Mtendere, zosaterera. Tchaja anachikulunga n'kuchilowetsa m'thumba la pambali, chifukwa Tiwo anayenera kumamuimbira foni madzulo aliwonse.

Moven anabwera msanga ku ntchito, akununkha chitsulo chowotcha. Anayang'ana chikwamacho, anayang'ana mkazi wake.

"Mwezi wonse, amake Tiwo? Anthu azakamba kuti mwanithawa."

"Muziwauza kuti napita kusukulu."

Zipi inakana kutseka pakona. Gloria anakhalira chikwamacho, Moven anatulutsa pulayazi m'thumba la ovolosi n'kufinya kamutu ka zipiyo, ndipo inayenda mpaka kumapeto. Anachinyamula, anachiyesa kulemera, n'kukachiika pakhomo.